Funso Lachisanu ndi Chinayi

Anandipatsa njinga yamoto, chipewa ndi mafunso khumi ndi awiri.
Anati: Zoraida, ugogode khomo lililonse
kuchokera pamlatho wa Tumbes mpaka pomwe minda ya mpunga yathera.
Usalumphe nyumba, ngakhale ya galu wolusa.

Loyamba ndi dzina. Lachiwiri, zaka.
Anthu amayankha uku akusenda nthochi, uku akusoka ukonde.
Nkhumba muli nazo zingati? Zimagona kuti? Chimbudzi chilipo?
Amaseka.
Lachisanu ndi chinayi likafika
mpeni umaima pakati pa nthochi:
alipo m'nyumba muno amene anagwapo,
n'kuuma gwa, n'kuphupha, thovu kukamwa,
n'kudzuka osadziwa kuti dzuwa lasendera liti?

Palibe.
Ndimalemba: palibe.

Koma nditaliza njinga panyumba nambala 214
mayi Felícita Yarlequé ananditsatira kuseri kwa khola,
manja akadali ndi mamba a nsomba.
Ndi Wilmer, anatero, kanayi chaka chino.
Musalembe. Akukwatira mu Disembala,
kuchikazi akamva za khunyu atibwezera mphete.
Ndinawauza kuti papepala langa mulibe Wilmer,
muli 214 basi.
Anandiyang'ana ngati ndawabera kanthu.

Lachiwiri linalo tinamutengera kumakina ojambula ubongo.
Dokotala Arámbulo analoza ndi cholembera:
timadontho titatu toyera, ngati mpunga wotayikira pansalu yakuda.
Mazira a nyongolotsi, anatero, anasochera njira,
mmalo motsikira m'nyama ya nkhumba anakwera kuno,
n'kumanga, n'kufera momwemo.
Mayi Felícita anawerenga okha ndi chala. Titatu.
Sing'anga wa kuphiri anawadyera mbuzi ziwiri
powauza kuti ndi nsanje ya mlamu wawo.
Mlamuyo sanalankhulane naye zaka zisanu.

Madzulo madokotala amakhala pakompyuta
kukambirana ndi anzawo a ku India, a ku Ecuador.
Amayala manambala ngati nsomba pathandala:
kwanu pa anthu chikwi akugwa angati, kwathu angati,
bwanji uko ndi ana asukulu, kuno ndi anyamata a ndevu?
Wina akuti ndi magazi a mtundu, wina akuti ndi madzi,
wina akungoti tiwerengenso.
Ine ndimawaphikira khofi.
Ndimadziwa kuti mumzere uliwonse wa palibe
muli khomo limene sanandithamangire.

Mchimwene wanga Anselmo sali m'tebulo lililonse.
Anagwera mungalande yothirira mpunga
mafunsowa asanabadwe, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Madzi ake olekeza m'mawondo.
Kunyumba tinkati ali ndi chizungulire,
mbale yake tinkaitsuka payokha.
Tsiku lina ndinatenga fomu yopanda kanthu,
ndinalemba dzina lake, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
pa funso lija ndinachonga inde mpaka pepala kubooka.
Malangizo a kafukufuku amati omwalira sawerengedwa.
Fomuyo ili m'thumba la jekete, yafewa ndi thukuta.

Wilmer akumwa mapiritsi, limodzi mmawa, limodzi pogona.
Anamuuza yekha mkaziyo, pabwalo la mpira, osati ine.
Analira, anamutukwana chifukwa chobisa, ukwati sunathe.
Anandiitana. Anapha nkhumba yaikulu,
ndipo ine, mlendo wopanda ulemu,
ndinapempha kuiona lilime asanaiwotche.
Mlamu uja anagwira chibwano, ine n'kusisita ndi chala
kufuna timatuza. Linali losalala.
Tinadya.

Mawa ndiyambira 391, kwa bambo wogontha wa agalu atatu.
Ndidzafuula mafunso onse mpaka lachisanu ndi chitatu.
Linalo sindidziwa kuti ndidzalifunsa bwanji
mudzi wonse ukumva.